Kanyumba Pansi pa Msolo

"Nanga mtengowo walakwa chiyani?"

Felismina anafunsa funsoli pa msonkhano wa aphunzitsi. A diretori, akulu a sikolayo, anayang'ana kudenga. Kamarada Raimundo, amene anabwera ndi uthengawo, anayang'ana wotchi yake, imene Furancungo yense ankadziwa kuti inafa kalekale.

Uthenga wake unali wakuti mtengo waukulu wa kuseri kwa sikola udulidwe. Nthambi zake zinkatchinga amilisiya, alonda a mfuti a pa chipata cha tauni, kuti asaone bwino msewu wochokera ku Chidzolomondo. Chifukwa china sichinatchulidwe pa msonkhanopo, koma aliyense ankachidziwa: kumene ankaphikira amilisiya nkhuni zinali zitatha.

Mtengowo unali wotsiriza m'tauni monse. Chiyambire nkhondo kuthamangitsa anthu m'midzi, Furancungo anafufuma ngati mtanda wa mikate. Mitengo ya mango ya m'mbali mwa msewu inasanduka nsanamira za misasa. Pabwalo pamene kale panali maluwa panamera chimanga ndi maungu. Zipinda za sikola zinadzaza mabanja othawa kwawo, ndipo m'chipinda cha Felismina munkagona mabanja awiri ndi mbuzi yaikazi imene inkadya mapu a dziko pang'onopang'ono, kuyambira kum'mwera.

Motero Felismina ankaphunzitsira pansi pa mtengo uja, thabwa lakuda lolembapo atalikoleka pa thunthu. Lamulo la a diretori linali lachidule: kalasi yosowa pokhala imagawidwa kwa aphunzitsi ena, ndipo mphunzitsi wosowa kalasi amatumizidwa ku Chidzolomondo. Kumeneko sikola inalipo, denga linalipo, mabenchi analipo. Koma aphunzitsi amene anatumizidwako anabwerako wapansi, mapazi atatupa, ndipo mmodzi sanabwereko n'komwe. Mtengo ukagwa, Felismina ankadziwa njira imene idzamuyembekezere.

Atatuluka pa msonkhano anapita kukafuna Damião, mphunzitsi wa zojambula. Damião anakulira ku Beira, kumene bambo ake a kuno ku Macanga ankagwira ntchito ya njanji, ndipo anabwera kwawo kwa makolo ake ali ndi ndevu, chikwama cha chikopa ndi maganizo ambiri. Utoto unamuthera chaka chomwe anafika. Tsopano ankajambula ndi makala ndi dothi lofiira, ndipo masiku amene makala ankafunika kuphikira, ankalemba ndakatulo.

Anamupeza atakhala pa mwala, akuyang'ana mbuzi zikudutsa pa msika.

"Taona, Felismina," anatero Damião. "Anthu osadziwana akugona khoma limodzi. Aliyense akuthamanga, palibe akudziwa kumene akupita. Uwu ndi mzinda tsopano. Changotsala n'chakuti wina aulembere ndakatulo."

"Changotsala ndi mtengo umodzi, ndipo akuudula."

"Ndamva. Ndiulembera ndakatulo ya maliro."

"Usaulembere ya maliro. Uupulumutse."

Nzeru ya Felismina inali pa Kamarada Raimundo mwini wake. Bamboyo ankayang'anira za chitetezo m'tauni, koma ankasunganso udindo wa za chikhalidwe, chifukwa mwini udindowo anakwera kuluna, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, kukazulitsa dzino ku Tete, ndipo dzinolo mpaka pano linali likuzulidwabe. Sabata ya Chikhalidwe inali pafupi. Akuluakulu a ku Tete ankafuna kumva kuti chikhalidwe chikupita patsogolo ngakhale mkati mwa nkhondo, ndipo Raimundo analibe chowauza kupatula gule wa ana a sikola amene anavina chaka chatha, ndi chaka chinacho.

"Raimundo wa chitetezo akufuna nkhwangwa," anatero Felismina. "Ife tilankhule ndi Raimundo wa chikhalidwe."

Anamupeza onse awiri atakhala pa mpando umodzi. Damião analankhula nthawi yaitali za luso lamakono, luso limene silipachikidwa pa khoma koma limaima panja n'kumapuma mpweya umodzi ndi anthu. Anati ku Maputo n'zimene akuchita. Raimundo sanamve zambiri, koma mawu oti Maputo anawamva.

"Chionetsero chimenechi chifunika ndalama?"

"Ayi, kamarada. Chifunika mtengo wokha."

Raimundo anayang'ana wotchi yake. "Mpaka Sabata ya Chikhalidwe ithe. Ikatha, nkhwangwa."

"Luso likakhala labwino, kamarada, palibe adzafune kulidula," anatero Felismina.

"Tidzaona, kamarada pulofesora."

Damião anagwira ntchito ngati munthu wogwidwa ndi malungo. Anapempha matumba akale a ufa wa thandizo, nawang'amba kukhala tinsalu titalititali toyera. Pa kansalu kalikonse analembapo mzere wa ndakatulo m'Chipwitikizi, ndi inki yake yopanga yekha ya makala ndi madzi a makungwa, n'kukamangirira pa nthambi. Patsinde pa mtengo anamanga kanyumba ka udzu kofika m'mawondo, kozungulira, kokhala ndi kakhomo kopanda chitseko. Pakhomopo anaikapo mphika wosweka ndi kachikho. Pomaliza anawaza njereza mozungulira, mzere woyera mbee.

"Kanyumbaka ndi mudzi umene anthu anausiya," anafotokoza. "Mphikawu ndi njala. Mzere woyerawu ndi malire a mzinda. Dzina lake lonse ndi 'Chilengedwe Chalowa mu Mzinda'."

Felismina anazungulira kawiri. Iye anabadwira ku Tsangano, koma analeredwa ndi asisitere ku Tete kuyambira ali wamng'ono. Ankadziwa mitsinje ya ku Ulaya pamtima, kuyambira kumene imachokera mpaka kumene imathira, koma mtengo umene ankaphunzitsira pansi pake tsiku ndi tsiku sankaudziwa dzina. Anangoona kuti chinthucho n'chachilendo mokwanira kuti Raimundo achiope.

"Chikuoneka ngati cha ku Maputo," anatero.

Tsiku lotsegulira, Raimundo sanabwere. Kuluna inali itafika ndi mchere, ndipo pamene pali mchere pamafunika chitetezo kuposa chikhalidwe. Felismina ankayembekezera ana ake a kalasi ndi aphunzitsi awiri kapena atatu ofuna mthunzi. Koma amayi a m'misasa anayamba kufika, mmodzimmodzi kenako m'magulu. Anaima kunja kwa mzere wa njereza. Palibe anaseka. Wina anagwada, anzake n'kutsatira.

Damião anatuluka thukuta la chisangalalo. Anaima pafupi ndi kanyumba, nakweza dzanja, nayamba kuwerenga ndakatulo yake m'Chipwitikizi. Akamaliza ndime, amayiwo ankawomba m'manja pang'onopang'ono, zikhatho zitafumbatana, onse pamodzi, mitu itawerama.

"Ku Beira sanandiwombereko chonchi," ananong'oneza Damião atamaliza, maso ali ndi misozi. "Anthu awa amamva luso ndi mimba."

M'mawa mwake Felismina anafika ndi thabwa lake napeza mu mphika wosweka muja muli ufa wodzaza dzanja. M'kachikho munali thobwa. Pakhomo pa kanyumba panali mbatata za kachewere zophika, zitaikidwa pa tsamba. Chapafupi panakhala mayi wina wamkulu thupi, korona ili m'khosi, akusenda nyemba. Anali amayi Guilhermina, a ku Chidzolomondo, amene ankalamulira mzere wa pa chitsime popanda wowasankha.

"Mwadzuka bwanji, amayi? Kodi zinthuzi waika ndani?"

"Ine sindidziwa, mwanangu. Ine ndine Mkatolika. Ndangobwera kudzaona kuti anzangawa asalakwitse dongosolo."

"Dongosolo la chiyani?"

Amayi Guilhermina anamuyang'ana kuyambira ku tsitsi mpaka ku nsapato. "Inu ndinu a pulofesora eti? Mtengo uwu ndi chiyani?"

"Ndi... mtengo."

"Ndi msolo. Nsembe amathira pansi pa mtengo wanji? Pa msolo. Kanyumba ka udzu pansi pa msolo amati chiyani? Kachisi. Nsalu zoyera, ufa wozungulira, mphika, chikho. Mnyamata wa ndevu uja sanaiwale kanthu. Anaphunzitsidwa bwino."

"Amayi, si ufa uwo. Ndi njereza."

"Nthawi ya njala ino mizimu ikumvetsa."

Felismina anakhala pansi pa muzu.

"Tinasiya manda kumudzi," anapitiriza amayiwo, nyemba zikugwera m'lichero. "Akufa athu alibe pofikira, akungoyendayenda m'misasa muno, n'chifukwa chake ana akutsegula m'mimba. Tinkafuna kumanga, koma tinkaopa, poti boma linaletsa zimenezi. Ndiye taona boma lamanga lokha, n'kutumiza wansembe wolankhula Chipwitikizi. Ife tikanatani? Tikane?"

Pamenepo Felismina anaona nkhwangwa ikubwera mofulumira kuposa kale. Raimundo anali ndi liwu lina lalitali limene analitenga ku maphunziro a ndale, obisikurantizimu, lotanthauza pafupifupi chilichonse chimene agogo ake ankachita. Akanamva kuti Sabata ya Chikhalidwe yabala kachisi kuseri kwa sikola, mtengo sukanafika madzulo.

Amayi Guilhermina atapita ku chitsime, Felismina anakulunga mbatata ndi ufa m'chitenje, natsanulira thobwa m'botolo, nathamangira kwa Damião.

"Wamanga kachisi," anamuuza.

Damião anamvetsera zonse, pakamwa pali yasa. Kenako anafunsa, "Ndiye kuwomba m'manja kuja sikunali kwa ndakatulo?"

"Ayi."

"Ngakhale ndime yachitatu?"

"Damião, bisa zinthuzi Raimundo asanazione."

Damião anali asanadye chiyambire dzulo lake masana. Anayang'ana mbatata, mbatata zinamuyang'ana. Anazibisa pamalo pamene Raimundo sakanazipeza.

Apa ndi pamene nzeru ya Felismina inamutembenukira. Amayi aja pochokera ku chitsime anapeza mphika uli mbee, chikho chili gwa. Nkhani inayenda m'misasa mofulumira kuposa ya mchere: mizimu yalandira, ndipo yalandira masana dzuwa likuswa mtengo, chinthu chimene ngakhale kumudzi sichinkachitika. Tsiku lotsatira nsembe zinachuluka. Felismina ankachotsa m'mawa uliwonse kuti Raimundo asaone, ndipo akachotsa, mawa lake zinkabwera zoposa. Masaya a Damião anayamba kubwerera. Analeka kudandaula za ndime yachitatu.

Kalasi nayo inasintha. Ana amene kale ankagendana ndi zipatso za mtengowo tsopano ankakhala phee, manja pamiyendo. Akanavula nsapato akanakhala nazo. Felismina anaphunzitsa kugawa manambala m'masiku ochepa, chinthu chimene chinamukanika mwezi wathunthu, chifukwa palibe mwana ankafuna kulakwa samu pamaso pa agogo ake akufa.

Tsiku lomaliza la Sabata ya Chikhalidwe, Felismina anachedwa pang'ono, ndipo Raimundo anafulumira pang'ono. Anakumana pa mtengo. Damião anali pomwepo, akukonza udzu wa denga. Pa nsanamira ya kanyumba panali patamangiriridwa nkhuku yakuda, yamoyo, ikujompha njereza.

Raimundo anaima. Iye anabadwira ku Chidzolomondo ndipo anakula akunyamulira agogo ake chikho. Sanafunike womufotokozera.

"Nkhukuyi ndi mbali ya chionetsero, kamarada," anatero Damião mofulumira. "Ikuimira chilengedwe chamoyo, chomangidwa ndi chingwe cha mzinda."

"Nanga thobwali likuimira chiyani?"

"Mitsinje."

"Kamarada Damião, ine ndinauza kale a ku Tete kuti kuno kuli luso lamakono. Mukufuna abwere adzapeze kuti ndatsegula kachisi ndi dzina la boma?" Mawu ake anakwera. "Obisikurantizimu! Kuseri kwa sikola! Lero lomwe ugwe mtengowu."

Anachoka, nabwerera dzuwa lili pamutu ndi amilisiya atatu onyamula nkhwangwa. Nkhani inali itawatsogolera. Amayi a m'misasa anali atakhala mozungulira mzere woyera, ndipo amayi Guilhermina anali atatsamira thunthu lenilenilo, lichero la nyemba pamiyendo. Felismina anaganiza zothawa, koma kothawira kunali ku Chidzolomondo. Anakoleka thabwa lake pa nthambi ya m'munsi, naitana ana, nayamba phunziro la mitsinje ya m'dziko.

"Dulani," anatero Raimundo.

Milisiya woyamba anayang'ana nsalu zoyera zikugwedezeka, kenako nkhwangwa yake. "Mpini wagwedera, shefi. Ingathe kuuluka n'kupweteka mwana."

"Iwe, Armando."

"Ine akazi anga ndi oyembekezera, shefi."

"Ndiye zikukhudzana bwanji ndi mtengo?"

"Sizikukhudzana, shefi. Ndangonena."

Wachitatu sanadikire kufunsidwa. Anagwira phewa lake n'kuyamba kubuula.

"Amuna onyamula mfuti," anatero Raimundo, "kuopa nkhuku!" Analanda nkhwangwa ya Armando, nalumpha mzere wa njereza. Sanauponde, Felismina anaona. Anaulumpha.

"Azakhali, chokanipo."

Amayi Guilhermina anali mlongo wa bambo ake. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Ndakhala pa mthunzi, Raimundo. Boma laletsanso mthunzi?"

"Azakhali, inu ndinu a mpingo. Mukutani pano?"

"Ndikusenda nyemba. Iwe ukutani pano ndi nkhwangwa ya eni ake? Unayamba wadulapo mtengo iwe? Uli mwana unkalira ndi chisonga cha chimanga."

Ana anaseka, kenako anakumbukira pamene anakhala, n'kuleka.

"Nkhuku iyo ndi yanga," anapitiriza amayiwo, mawu atatsika. "Ndi ya Luciano, mng'ono wako. Chilowereni msewu uja wa ku Chidzolomondo sitinamve kuti ali kuti. Ngati ali moyo, imulondolere njira. Ngati sali moyo, apeze pofikira. Kwa abambo mfumu ndinapereka kale Misa. Uku ndikungotseka mbali inayo."

Raimundo anasuntha nkhwangwa kuchoka dzanja lina kupita lina. Kenako anatembenukira kwa Felismina, ngati munthu wofuna pogwira.

"Kamarada pulofesora, munabwera kwa ine ndi inu. Nenani pamaso pa anthu onsewa. Chinthu ichi ndi luso kapena ndi kachisi?"

Felismina anaona misampha yonse iwiri. Akanati ndi kachisi, Raimundo akanakakamizika kudula. Akanati ndi luso chabe, phewa la milisiya uja likanachira pomwepo. Amayi onse ankamuyang'ana. Damião ankamuyang'ananso, ndi maso opempha, ngati kuti yankho lingapulumutse ndime yachitatu.

"Ndi kalasi yanga, kamarada," anatero. "Ndipo mwalowa pakati pa phunziro."

Wina mwa amayi anatsokomola. Raimundo anatsegula pakamwa, koma azakhali ake anamutsogolera.

"Poti tonse tili pano, wansembeyo atiuze zimene amapempha. Takhala tikuwomba m'manja osamva. Anene m'Chichewa."

"Si pemphero, amayi," anatero Damião, "ndi ndakatulo."

"Nenani basi."

Felismina anayesa kumuletsa ndi maso, koma palibe maso angaletse mlakatuli amene wapemphedwa kuwerenga. Damião anagwira kansalu koyamba, nayamba kumasulira:

"Iwe mtengo, mlongoti wa telefoni wopanda mawaya,
ndikuimbira, ndikuimbira, sukuyankha.
Mizu yako ndi zala za nkhalamba
zofufuza makiyi m'thumba la dziko."

Anapita pa kansalu kachiwiri, kachitatu, akuzungulira mtengo. Masamba anali makalata opita kwa mwezi. Mbalame zinali anthu okwera basi opanda tikiti. Mzinda unali mkazi wovala nsapato imodzi. Pa ndime yachitatu mtengo unasanduka amayi ake a mlakatuli, kenako njanji ya ku Beira, kenako mlakatuli mwini wake, ali maliseche, akulira pa mvula.

Atamaliza, palibe anawomba m'manja. Nkhuku yokha inayankha.

"Zimenezi ndi zimene akhala akumva malemu amuna anga?" anafunsa mayi wina chakumbuyo. "Iwo aja sankapirira ngakhale ulaliki."

"Koma akhala akudya," anatero mnzake. "Tsiku lililonse mbale mbee."

"Njala, mayi. Ndi njala umadya ngakhale pa maliro a mfiti."

Damião anayang'ana pansi. Felismina anayang'ana thabwa lake, pamene mtsinje wa Zambezi unali utaima pakati, usanafike ku nyanja.

Raimundo anaima nthawi yaitali. Anayang'ana msewu wa ku Chidzolomondo kudzera m'nthambi, anayang'ana nkhuku, anayang'ana ana, anayang'ana wotchi yake yakufa. Kenako anabwezera Armando nkhwangwa, nalumphanso mzere woyera, nakonza malaya ake. Polankhula, analankhula ndi mawu a pa msonkhano, oti amveke mpaka ku chipata.

"Mtengo utsala. Kanyumba katsala. Kalasi ipitirira pompano." Analoza nthambi. "Nsaluzo zitsitsidwe, zichapidwe ndi sopo mpaka ndakatulo zonse zichoke, zikauma zibwezeredwe pomwe zinali. Sopoyo ndipereka ine."